Mafunso anu a Chichewa cha kutchalitchi: kupembedza, chimwemwe, alongo ndi zina

Sabata ino mafunso ambiri amene mwatumiza akukhudza za kutchalitchi, nde ndangoti ndiwaike pamodzi, mafunso okhudza miyambi adikire kaye. Ndipo zandisangalatsa, chifukwa Chichewa chambiri chokoma chimene tili nacho lero chimamveka Lamulungu m'mawa, munthu akamatsogolera pemphero kapena amayi akayambitsa nyimbo.

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe akufunsa kuti: kodi kupemphera ndi kupembedza n'chimodzimodzi? Akuti amatsogolera mwambo kumpingo kwawo ndipo pena amasowa kuti anene liti.

Amayi, mawuwa ndi apachibale koma si amodzi ayi. Kupemphera kukuchokera ku kupempha, ndi kuyankhula ndi Mulungu, mukhoza kupemphera nokha kuchipinda, muminibasi, pa chakudya, kulikonse. Ngakhale kuti masiku ano munthu akakufunsani kuti "mumapemphera kuti?" akufuna kudziwa mpingo wanu, ndipo zimenezo palibe cholakwika, ndi mmene timayankhulira. Kupembedza ndiye kwakukulu. Taganizani mmene timagwiritsira ntchito liwuli kunyumba, mwana akamalira timamupembedza, timamunyengerera mofatsa mpaka mtima wake ukhale pansi, ndipo munthu akakwiya amati "ine sindipembedza munthu". Ndiye kuti m'kupembedza muli kudzichepetsa, muli kupereka nthawi yako ndi mtima wako wonse kwa wina. Nyimbo, chopereka, ulaliki, pemphero, zonsezo pamodzi ndiye chipembedzo. Choncho potsegulira mwambo nenani kuti tabwera kudzapembedza, ikafika nthawi yotseka maso nenani kuti tiyeni tipemphere. Kutamanda ndi kunena ubwino ndi ukulu wake mokweza, kulambira ndi kugwada kapena kugwa pansi popereka ulemu monga ankachitira makolo pamaso pa mfumu, pamene mapembedzero ndi kupempherera ena, odwala, dziko, amene ali pa ulendo.

Mnyamata wina woyimba kwaya ku Zomba akulemba positala ya tsiku la makwaya, akufunsa kuti alembe "tsiku la chimwemwe" kapena "tsiku la chisangalalo".

Achimwene, onse awiri ndi Chichewa chabwino, koma ine khutu langa limamva kusiyana. Chisangalalo chimaoneka kunja, anthu akuvina, akuseka, ana akuthamanga pabwalo la tchalitchi. Chimwemwe ndi chapachibale ndi kumwemwetera, chimayambira mkati ndipo chimakhalitsa, n'chifukwa chake pamaliro a mkhristu wokalamba mlaliki atha kunena kuti tili ndi chimwemwe kuti agogo atsiriza bwino ulendo wawo, anthu n'kuvomera, koma atati tili pa chisangalalo anthu angayang'anane. Palinso chikondwerero, chimene ndi mwambo weniweniwo wokhala ndi tsiku lake ndi pulogalamu yake. Ndiye pa positalapo ine ndikadalemba "Chikondwerero cha makwaya", pansi pake n'kuika kuti bwerani tidzayimbe ndi chimwemwe. Mukafuna vesi, Salimo 122 ndime yoyamba mu Buku Lopatulika imati "Ndinakondwera m'mene ananena nane, Tiyeni ku nyumba ya Yehova", ikukwana bwinobwino.

Tsopano funso limene ndalikonda kwambiri. Mayi wina amene wangoyamba kulalikira ku Mulanje akuti agogo ena anamukoka pambali atatha mapemphero n'kumuuza kuti "abale ndi alongo" sakuwanena bwino. Akufuna adziwe kuti agogowo amatanthauza chani.

Agogowo akudziwa Chichewa, amayi. Pa Chichewa chenicheni mlongo si munthu wamkazi ayi, mlongo ndi m'bale wako amene si mwamuna mnzako kapena mkazi mnzako. Mwamuna akati mlongo wanga akunena wamkazi, koma mkazi akati mlongo wanga akunena wamwamuna. Kumudzi mpaka lero mayi amati "ana awa mwini mbumba wawo ndi alongo anga" akunena amalume a anawo. Ndiye abusa aamuna akaima kutsogolo n'kunena kuti abale ndi alongo, alongowo ndi amayi, koma inu mukanena mawu omwewo alongo anu ndi abambo amene akhala mbali inayo. Onani kukoma kwake, moniyo akugwirabe ntchito, palibe amene mwamusiya kunja, kungoti mbali zasinthana. Vuto limabwera pamene mwaloza mayi mnzanu n'kunena kuti "mlongo wathuyu atipempherere", apo ndi pamene khutu la agogo likukana. Nenani kuti m'bale wathuyu, kapena mayiwa, kapena achemwali monga mumanenera kwanu kummwerako. Ndikudziwa kuti mtauni ambiri azolowera kuti mlongo ndi wamkazi basi, ndipo sindingakalipire munthu pa zimenezo, koma ndingakonde kuti tanthauzo lakalelo tisalitaye, chifukwa ndi limene limasunga ubale wa mwamuna ndi mlongo wake umene mabanja athu achikamwini amaimapo.

Wina wafunsa mwachidule: tchalitchi chathu kapena tchalitchi lathu? Onse amamveka, koma ambiri timati tchalitchi chathu, zambiri n'kukhala matchalitchi athu. Chachikulu n'chakuti tchalitchi ndi nyumbayo, mpingo ndi anthuwo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, koma mpingo pamalopo unalipo kale, mishoni inayamba 1876. Denga likasasuka ndi mphepo mpingo umapempherabe pansi pa mtengo wa mango. Kachisi ndi liwu la makolo, kanyumba kopereka nsembe, omasulira Baibulo analitenga n'kulipatsa Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo ena amatchula tchalitchi chawo choncho, palibe vuto.

Bambo wina wa ku Kasungu akufunsa chifukwa chake amayi a CCAP kwawo amatchedwa a Chigwirizano pamene apongozi ake ku Thyolo ndi a Mvano, mpingo uli umodzi.

Abambo, zikuyendera masinodi. CCAP inapangidwa mu 1924 pamene Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana, a Nkhoma n'kudzalowa mu 1926, koma sinodi iliyonse inasunga zina zake. Ku Sinodi ya Blantyre bungwe la amayi ndi Mvano, ku Nkhoma ndi Chigwirizano, ku Livingstonia ndi Umanyano, limene ndi liwu la Chitumbuka lochokera ku kumanyana, kutanthauza kudziwana. Koma tayang'anitsitsani mayina atatuwa. Kumva, kumvana, Mvano. Kugwira, kugwirizana, Chigwirizano. Kumanya, kumanyana, Umanyano. Onse ali ndi kachidutswa kaja -an-, kamene pa chiyankhulo chathu kamasonyeza kuti chinthucho simungachichite nokha, pafunika wina woti akubwezereni. Kukonda mutha kukonda nokha mnzanuyo asakudziwa n'komwe, koma kukondana ayi. Chiyanjano, chimvano, chikondano, kuyenderana, kupepesana, kukhululukirana, moyo wonse wa pampingo ukukhala m'kachidutswa kameneka, ndipo amene anasankha mayinawa, kaya anakhala pansi n'kuganizira galamala kaya ayi, anagwira pamtima penipeni pa nkhaniyo. Ndipo si mayina chabe. Pakagwa zovuta amayi amenewa ndi amene amafika msanga, kutunga madzi, kusonkha moto, kuyimba usiku wonse pa siwa, kuchipatala ndi omwewo atanyamula phala mu fulasiki, mwana akabadwa ndi omwewo ndi sopo ndi chitenje. A Seventh Day ali ndi amayi a Dorika, dzina lochokera kwa mayi uja wa ku Yopa wa pa Machitidwe 9 amene ankasokera amasiye zovala. Akatolika nawo ali ndi timagulu ta m'madera timene kwina amati mphakati kwina limana, nkhani imene AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a mayiko a kum'mawa kwa Africa, inaikapo mtima mu 1973 ndipo Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikitsa kwambiri ali episkopi wa Lilongwe. Kumeneko anthu amakumana panyumba ya mmodzi wa iwo, kuwerenga Mawu, kudziwana mayina, kusonkherana wina akadwala. Munthu amene amangopita Lamulungu n'kumathamangira kunyumba ikangotha nyimbo yomaliza, chimwemwe cha mpingo amachimva theka lokha, ine ndimaona choncho.

Pa -an- yemweyo pali chenjezo, ndipo likuyankha funso la mlembi wa achinyamata wina ku Ndirande. Akuti akonza zoti akatha mapemphero adyere limodzi, aliyense abweretse kake, ndipo pa gulupu ya WhatsApp analemba kuti kudzakhala "chidyerano", akuluakulu ena n'kumuuza kuti afufute msanga.

Akuluakuluwo anakuthandizani. Liwulo pachiyambi ndi labwino ndithu, limanena mabanja oyandikana kubweretsa nsima ndi ndiwo pamalo amodzi n'kudyera pamodzi, kuti amene kwawo kulibe asagone ndi njala. Koma linatenganso tanthauzo lina, la mchitidwe wosinthana akazi umene unkachitika m'madera ena, ndipo chifukwa nkhaniyo inakambidwa kwambiri pa wailesi nthawi yolimbana ndi Edzi, anthu ambiri akamva liwulo maganizo amathamangira kumeneko. Lembani kuti "kudyera pamodzi" kapena "chakudya cha chiyanjano". Ndipo chiyanjano ndi liwu loti muzilikonda achinyamata, ndi limene lili pa Machitidwe 2:42. Felowoshipu kwathu kuno yafika potanthauza magulu a mapemphero amene amasonkhanitsa anthu a mipingo yosiyanasiyana madzulo kapena pa lanchi, ndiye mukalemba felowoshipu ena adzabwera akuyembekeza ulaliki ndi maumboni osati mpunga.

Mtsikana wina akuti iye amati "ndimasewera kiyibodi kutchalitchi" ndipo aphunzitsi ake a Chichewa anamudula mzere wofiira. Aphunzitsi ali bwino, mwanawe. Pa Chichewa timasewera mpira ndi bawo, koma kiyibodi, gitala, ng'oma, belu, timayimba. Ng'oma mukhozanso kuiomba, m'manjanso timaomba, sitimenya. Nthungululu timayimba, kapena tingoti amayi akululutira. Ndipo pomwe tafika pa nthungululu ndinene izi, kale m'matchalitchi ambiri a mishoni ng'oma ndi kuvina zinkaonedwa ngati zachikunja, anthu ankaima chilili ndi buku m'manja. Kwa Akatolika khomo linatseguka ndi msonkhano waukulu wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965, Misa n'kuyamba kuchitika m'chiyankhulo chathu, ng'oma ndi visekese n'kulowa. Lero pitani pa tsiku la masika anthu akubwera ndi matumba a chimanga, nkhuku, maungu, wina mbuzi pachingwe, kwaya ikuyimba, amayi akululutira kuchokera kukhomo mpaka kuguwa, simungafune munthu wokumasulirani kuti kukondwera pamaso pa Mulungu n'kutani.

Lomaliza lachokera ku Johannesburg. Bambo wina akuti kumpingo kwawo kumene Amalawi amasonkhana kuli anthu ochokera mipingo yosiyanasiyana, powerenga wina amati Yehova wina amati Chauta, ndipo ena akumakangana kuti loyenera ndi liti. Akufunsanso ngati n'kololedwa kunena kuti Iwe kwa Mulungu posonyeza kuti ali naye pafupi.

Abambo, kusiyanako kwabwera ndi mabaibulo amene anthuwo anakula nawo. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 ndipo ntchito yake yaikulu anatsogolera ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, limati Yehova. Akatolika anali ndi lawo, Malembo Oyera, la 1966. Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, linasankha Chauta, dzina limene makolo athu ankaitana nalo Mulungu popempha mvula amishoni asanafike, pamodzi ndi Namalenga, Mphambe ndi Chisumphi. Onse akunena Mulungu mmodzi yemweyo, ndipo munthu amene analoweza Salimo 23 ali mwana ndi mawu akuti "Yehova ndiye m'busa wanga" musamukakamize kusintha, mawuwo anamera mizu mumtima mwake. Chimene ndingalangize n'chakuti wowerenga anene kaye kuti akuwerenga m'buku liti, ena atsatire mwaulemu, sabata yamawa awerenge wa buku linalo.

Koma pa Iwe ndiye ndikukana ndithu. Kwathu kuyandikana sikuchotsa ulemu. Mayi ako okubala, amene palibe wina wapafupi kuposa iwo, umawatchula kuti inu, ndipo chikondi sichichepa ndi pang'ono pomwe. Pemphero la Ambuye m'mipingo yonse limati dzina lanu, ufumu wanu, kufuna kwanu, kaya mwayamba ndi Atate wathu wa Kumwamba kaya Atate athu muli kumwamba. Liwu lakuti Ambuye nalonso lili kale mu ulemu, ndi mbuye amene tamuikira a- kutsogolo monga timachitira ndi amayi ndi agogo. Ana anu amene akukulira kumeneko ndi Chizulu ndi Chingerezi, aphunzitseni pempherolo m'Chichewa ndi inu wakeyo, ndipo akafunsa chifukwa chake auzeni kuti ndi inu yemweyo amene adzanene kwa agogo awo akadzapita kumudzi pa Khirisimasi.