Bishopu wa m'fulemu: ngakale ndithu, koma musakongolerepo ndalama

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wanditumizira imelo. Akuti anagula chithunzi m'shopu ya zinthu zakale: bishopu wovala wigi, manja a mkanjo wake oyera otukumuka, pansi palembedwa "G. Kneller pinx." ndi "G. Vertue sculp." Akufunsa ngati n'chenicheni, komanso ngati angaphe nacho makwacha.

Amayi, ndiyambe ndi zowawazo. Ngakhale chitakhala chenicheni, si chokhacho padziko. Mawu akuti "pinx." amatchula amene anajambula ndi penti, "sculp." amene anagoba: Godfrey Kneller ndiye anajambula bishopuyo ndi penti. Kenako George Vertue, amene anabadwa mu 1684 n'kumwalira mu 1756, anagoba nkhopeyo pa chimbale cha mkuwa ndi kachitsulo kosongoka, mzere ndi mzere. Ankapaka inki, n'kupukuta pamwamba kuti itsale m'timizere mokha, n'kupanikizapo pepala lonyowa. Chimbale chimodzi chinkabala zithunzi mazanamazana. Zambiri ankaziika koyambirira kwa mabuku a maulaliki, ndipo James Granger atatulutsa buku lake la mbiri za anthu otchuka a ku England mu 1769, anthu anapenga nazo, kumang'amba zithunzi m'mabuku kuti aziunjike. Mwina chanucho chinadzera njira imeneyi.

Chitulutseni m'fulemu mosamala, musachipukute ndi chilichonse. Yendetsani chala m'mphepete: mukamva kamzere kolowa kozungulira chithunzi, ndi pomwe chimbale chinaluma pepala, ngakhale ena ankadula mpaka kamzereko n'kupita. Ndiye chikwezeni poyang'ana kuwala. Pepala la nthawi imeneyo limaonetsa timizere tambirimbiri tothithikana, ndi ina yotalikirana yopingasa. Losalala lopanda mizere linayamba m'ma 1750, choncho chotero anachidinda mochedwa. Mukaona timadontho tofanana tondandalikana bwino, basi, n'cha makina a masiku ano.

Chimene chimandikoka ine si mtengo, koma chifukwa chimene anthu ankagulira nkhope za mabishopu. Awatu anali andale, ankakhala mu House of Lords, gawo lina la nyumba ya malamulo ya ku Britain, ena a chipani cha Whig ena cha Tory, ndipo kupachika chithunzi cha bishopu pakhoma kunali ngati kuvala nsalu ya chipani. Francis Atterbury, bishopu wa ku Rochester, atamutsekera ku Tower of London mu 1722 pomuganizira kuti akufuna kubwezeretsa banja lakale lachifumu la Stuart pampando, zithunzi zake ali m'ndende zinaoneka m'mawindo a mashopu. Chaka chotsatira anamuthamangitsa m'dziko. Benjamin Hoadly, bishopu wa ku Bangor, analalikira pamaso pa mfumu George I mu 1717 kuti ufumu wa Khristu si wa dziko lino, mpingo wonse n'kuyaka moto wa mikangano.

Dzina la bishopu wanuyo simunanditchulire. Lifufuzeni pa webusaiti ya National Portrait Gallery, nyumba yosungira zithunzi za anthu otchuka ku London, muyerekeze kukula kwake ndi zolembedwa pansizo, mundiuze.