Kuchoka ku Bristol kubwerera ku Reading pa njinga

Bambo wina wa ku Ntcheu amene akukhala ku Reading wandilembera imelo. Akuti kwawo ankapalasa njinga ndi matumba awiri a chimanga pakeriyala, ndiye akufuna kuona midzi ya ku England pa tchuthi cha masiku anayi. Funso lake: ayambire pati, nanga usiku angakhome tenti paliponse?

Achimwene, mphamvu muli nazo kale, ndipo kuno amayenda kumanzere ngati kwathu. Kwerani sitima ndi njinga yanu mpaka ku Bristol (malo a njinga musungitsiretu), kenako muzibwerera kunyumba mukupalasa. Tsatirani zikwangwani zabuluu zokhala ndi nambala 4 m'kabokosi kofiira. Makilomita 21 oyamba, mpaka ku Bath, ndi njanji yakale imene anaisandutsa njira ya njinga ndi oyenda pansi, moti galimoto simulimbana nazo. Kuchoka ku Bath mumayenda m'mbali mwa ngalande ya Kennet and Avon, kudutsa ku Bradford on Avon.

Mukamayandikira Devizes mudzafika pa Caen Hill. Pamenepa tsikani ndithu muone. Pali zipata za madzi 29 zokwezera maboti pachitunda, 16 mwa izo zili mondondozana ngati masitepe. Boti limalowa, atseka chitseko kumbuyo, madzi adzaza, boti likwera pang'ono, atsegula cha kutsogolo. Ine ndinakhala pa udzu kudya buledi wanga yense, boti limodzi lisanafike ndi pakati pomwe.

Za tenti ndiye mumve bwino. Kwathu dzuwa likakulowerani mumapita kwa amfumu, odi, mwapeza mphasa. Kuno munda uliwonse, ngakhale wooneka ngati tchire, uli ndi mwini, ndipo kugonamo osapempha n'kulakwa. Funani malo olipira okhomapo matenti, kapena chipinda pa nyumba ya alendo, ndipo imbani foni m'mawa. Njira za m'minda nazonso zili pawiri: yolembedwa bridleway njinga imaloledwa, yolembedwa footpath ndi ya miyendo basi.

Pitani mu June kapena July, pamene dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa. Koma jekete ya mvula isatsale, kuno mvula ilibe nyengo. Tengani pampu, zigamba ndi machubu awiri, chifukwa minga ya mipanda ya m'mbali mwa ngalande siichitira chisoni tayala, ndipo wokonza njinga pansi pa mtengo simumupeza. Usiku lamulo limafuna nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo.

China chimene palibe anandiuza: mukafuna kupatuka kuthengo, samalani masamba obiriwira a m'mbali mwa njira otchedwa nettle. Amayabwa ngati chitedze, ndipo ine ndinali nditavala kabudula.