Malume anu a uinjiniya ndi nkhani ya kampeni

Achimwene, mwafunsa ngati malume anu amene amaphunzitsa uinjiniya ku yunivesite angathe kuyendetsa kampeni ya munthu wofuna uphungu kwathu kuno ku Ntcheu, poti ena m'gulu muno akuti ndale si za anthu a masamu. Angathe ndithu. Koma musanawalimbikitse, muwauzeko za John Sununu wa ku America.

Bamboyu anabadwira ku Havana, ku Cuba, mu 1939. Anaphunzira uinjiniya wa makina ku yunivesite ya MIT mpaka kutenga PhD mu 1966, n'kuyamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Tufts. Ndale anaziyambira pansi, ku nyumba ya malamulo ya chigawo cha New Hampshire, ndipo anagwapo pa zisankho kangapo asanapambane ugavanala wa chigawocho mu 1982.

Dzina lake linamveka dziko lonse mu 1988. George Bush wamkulu, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anachita manyazi ku mapulaimale a chipani cha Republican ku Iowa, pomwe anakhala nambala 3 kumbuyo kwa Bob Dole ndi m'busa Pat Robertson. Sabata yotsatira anali kuvota a ku New Hampshire, kwawo kwa Sununu. Iye anatulutsa anthu ake onse m'matauni, kumuyendetsa Bush malo oyenera, komanso kukankha kuti pa TV pauluke uthenga womunena Dole kuti pa nkhani ya misonkho sadziwika mbali yake. Bush anapambana kumeneko, ndipo atakhala pulezidenti mu 1989 anamuika Sununu kukhala mkulu wa ogwira ntchito ku White House.

Apa ndiye pamene ambiri amasokoneza. Chinamupulumutsa Bush si pepala la ku MIT. Sununu anali atalamulira chigawocho kuyambira 1983, ankadziwa woti akamugogodera pakhomo m'tauni iliyonse. Masamu amathandiza, inde: kudziwa kuti pa senta yakuti analembetsa angati, mamonita akufunika angati, mafuta atha liti. Koma malume anu akudziwa kuti mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amadandaula za msewu ndi mtengo wa feteleza, pamene wa kotentha ku Kasinje ali ndi zake zina? Ngati amabwera kumudzi pa Khirisimasi pokha, ayambe kaye amvera amayi a m'makomiti a chipani, amene amadziwa nyumba iliyonse ndi kumene voti yake imapita.

Kugwa kwa Sununu ndiye kumandikhudza kwambiri. Nzeru anali nazo, koma ankafuna aliyense adziwe zimenezo. Ankakalipira aphungu a chipani chake chomwe, atolankhani osawalabadira. Mu 1991 zinaululika kuti ankakwera ndege za asilikali pa maulendo ake, ena okasewera pa chipale, ena okaonana ndi dokotala wa mano ku Boston. Atamukhwimitsira malamulo okwerera ndegezo, anatenga galimoto ya boma ndi dalaivala wake ulendo wa ku New York kukagula masitampa akale, poti ndiwo anali makonda ake. Ena anachitapo zoposa pamenepa n'kupulumuka, koma iye anali atapsetsa mtima anthu ambiri moti womuikira kumbuyo anasowa. Mu Disembala chaka chomwecho anatula pansi udindo. Banja lake silinathere pomwepo ayi: mwana wake John anakhala senator, wina Chris anakhala gavanala wa New Hampshire yemweyo kuyambira 2017 mpaka 2025.

Ndiye afunseni malume anu mosabisa. M'kalasi akayankhula, ana amalemba. Kuno adzakhala pa maliro kuyambira m'mawa mpaka kumanda osapatsidwa mpata woyankhula, adzadikira amfumu amalize milandu yawo, adzatsutsidwa ndi tcheyamani wa bulanchi amene analekera Sitandade 5, ndipo nthawi zambiri tcheyamaniyo ndiye adzakhale akunena zoona. Akati zimenezo angazipirire, avomere. Aonenso kaye zimene malamulo a kuntchito kwawo amanena pa za ndale, ndipo galimoto ya kuyunivesite isadzaoneke pa msonkhano pa Lizulu.