Wokugundani masekondi 5, inu mipikisano iwiri: chilungamo chili pati?

Achimwene, replay (kanema wobwereza) ya mpikisano wa galimoto wa pakompyuta yomwe mwaika m'gulu muno ndaionera kawiri. Mnzanu anakulowani pa kona yoyamba ya msewu wa Monza mpikisano utangoyamba, galimoto yanu inazungulira, munachoka pa nambala 4 n'kukakhala kumchira, koma ma steward (oweruza) a ligi yanu anangomupatsa chilango cha masekondi 5. Inuyo munachepetsa liwiro, kumudikira mpaka anakupezani pa lap 9 (ulendo wa 9 wozungulira msewu), n'kumukankhira kukhoma. Akuletsani mipikisano iwiri, ndipo mukufunsa ngati si kukondera kumeneko. Musandikwiyire, koma pa chilango chanucho sanalakwitse.

Kuti iye anakulakwirani, palibe angatsutse. Pa Rettifilo, kona yoyamba ija, galimoto za mtundu wa GT3 mu gemu ya Assetto Corsa Competizione zimafika zikuthamanga kupitirira makilomita 250 pa ola, ndipo ambirife timaponda buleki chapafupi ndi chikwangwani chosonyeza kuti kwatsala mamita 150 kufika pakona. Pa lap yoyamba, matayala asanatenthe, mafuta ali odzaza, galimoto zili mulu kutsogolo, munthu amayenera kuponda msanga kuposa apo. Mnzanuyo anaponda ngati ali yekha pamsewu. Pomwe inu mumayamba kukhota, mphuno ya galimoto yake inali isanafike n'komwe pa tayala lanu lakumbuyo. Konayo inali yanu. Mpata womwe iye anauona unali woti utsekeka basi, chifukwa galimoto iliyonse yolowa pakona imayenera kudutsa pomwepo.

Koma ma steward sayeza kuwawa kwa mtima wanu kapena malo omwe mwataya. Amayeza chomwe munthu wachita. Si za pakompyuta zokha izi. Pa mpikisano wa Formula 1 ku Silverstone mu 2021, Lewis Hamilton atagundana ndi Max Verstappen pa kona ya Copse, Verstappen anakathera kukhoma mpaka anapita naye kuchipatala kukamuyeza, koma Hamilton anapatsidwa masekondi 10 okha ndipo anapambanabe. Ku Baku mu 2017, Sebastian Vettel anagunda Hamilton m'mbali atapsa mtima, galimoto zikuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa safety car (galimoto yomwe imatsogola kuti onse achepetse liwiro pakakhala chiopsezo pamsewu). Onse anapitiriza mpikisano, koma Vettel anamulamula kulowa mu pit (malo okonzera galimoto) n'kukaima masekondi 10, chilango cholemera kwambiri kuposa cha ku Silverstone chija. Kusiyana kwake ndi kwa ngozi ndi dala.

Zanuzo zinali zadala, ndipo replay ikuonetsa poyera. Mwachotsa phazi pa moto pamsewu wowongoka, chiwongolero mwachikhotetsera kwa iye pomwe panalibe kona. Munthu wochedwa kuponda buleki amaphunzira, sabata yamawa aponda msanga. Koma wodikira mnzake kuti amugunde, ligi ichita naye bwanji? Onaninso kuti pomwe mumamukankha panali galimoto yachitatu yomwe inakathera mumchenga pokuzembani. Uja anakulakwirani chiyani? Mwina anakhala madzulo a sabata yonse akukonzekera mpikisano umenewu.

Ngakhale akatswiri zinawagwerapo. Mu May 2020, pa mpikisano wa IndyCar wa pa iRacing (gemu ina ya mipikisano ya galimoto) ku Indianapolis, Simon Pagenaud atawonongekerwa galimoto anabwereranso pamsewu, ndipo Lando Norris yemwe amatsogola anakagundana naye kutatsala ma lap ochepa. Anthu anakwiya ngati zachitika pamsewu weniweni. Lero ndi ochepa amakumbukira chomwe chinamukwiyitsa Pagenaud, chomwe chinatsala m'mitu ndi kubwezerako.

Wina m'gulu muno wanena kuti bola iRacing poti kulibe oweruza okondera. Kumenekotu mukanadandaula kwambiri. Galimoto ziwiri zikagundana mwamphamvu, nonse mumalembedwa 4x (mapointi anayi a ngozi), wogunda ndi wogundidwa yemwe, ndipo Safety Rating yanu (mlingo wosonyeza kusamala kwanu pamsewu) imatsika ngakhale musanalakwe. Makina safunsa kuti wayamba ndani. Koma kugunda mnzako dala, akakusumira kudzera pa protest (dandaulo lopita kwa eni gemu), akhoza kukutseka osathamanga kwa kanthawi. Choncho ngakhale uko zinthu ziwirizi amazisiyanitsa.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa masekondi 5 aja. Achepa. Munthu akadziwa kuti kukankha mnzake pa kona yoyamba mtengo wake ndi masekondi 5, pa mpikisano wa ola lathunthu, adzakankha ndithu, chifukwa kutsalira kumbuyo kwa galimoto ina kumadya nthawi yoposa pamenepo. Ineyo ndikanapereka drive-through, chilango chodutsa mu pit pang'onopang'ono osaima. Komanso ma steward anu angolemba chilango osafotokoza chifukwa, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe limabala manong'onong'o a kukondera. Azilemba lap, kona, ndi lamulo lomwe laphwanyidwa. Aziona replay kuchokera m'galimoto zonse ziwiri, chifukwa ife othamangira kuno pa seva za ku Ulaya ping yathu (kuchedwa kwa netiweki) imakhala yokwera, ndipo galimoto yomwe inu mukuiona yagunda, pa sikirini ya mnzanu mwina panali kampata. Pa nkhani yanuyi netiweki siikukhudzidwa, anachokera kutali kwambiri, koma tsiku lina idzakhala nkhani. Ndipo steward yemwe ali timu imodzi ndi woimbidwa mlandu azikhala pambali.

Ndikanakhala inu, apilo ya mipikisano iwiriyo sindikanachita, muluza basi. Ndikanalembera ma steward mwaulemu kupempha kuti chilango cha ngozi za lap yoyamba achiwonjezere kuyambira season ikubwerayi, ndikanaikapo replay ndi mphindi yake yeniyeni. Mnzanu wa galimoto yachitatu uja mumutumizire uthenga wopepesa lero lomwe, asanayambe ndi iye kulemba zake m'gulu muno.