Mukuwerenga buku lomwe lija? Musatuluke m'gulu

Achemwali ena andilembera imelo. Ali m'gulu la pa WhatsApp momwe Lolemba lililonse aliyense amatumiza chithunzi cha buku limene akuwerenga. Anzawo amasintha mabuku sabata ndi sabata, koma iwo akadali pa buku limodzi kwa miyezi ingapo, la nkhani yachikondi. Akufunsa: atuluke, kapena azijambula buku lina looneka lanzeru?

Achemwali, kalata yanu yandikhudza chifukwa manyazi amenewa ndimawadziwa. Ine ndimawerenga pang'onopang'ono kuyambira ubwana wanga. Ndime ikandikomera ndimabwerera kukaiwerenganso mokweza, ndipo munthu wa m'nkhani akandikwiyitsa ndimatseka buku mpaka mtima utsike. Nditayamba ntchito ndinapeza anzanga okonda mabuku, ndipo pa nthawi yopuma tinkafunsana zomwe aliyense akuwerenga. Panali bambo wina amene ankatchula mitu ya mabuku motsatizana, koma ukamufunsa kuti chakukhudzani n'chiyani, ankangoti "ndi labwino kwambiri." Panalinso mayi wina wachikulire amene anakhala pa buku limodzi nthawi yaitali. Tsiku lililonse ankabwera ndi mlandu. "Mwamuna uyu sindikumukhulupirira, akubisa chinachake." Mawa lake: "Ndinakuuzani!" Tinkatsutsana nawo za anthu amene sitinawawerengepo n'komwe, mpaka tonse tinalifunafuna bukulo. Mwa mitu yonse imene bambo uja anatchula, palibe ndi umodzi womwe umene unandikoka.

Ndiye ndinene mosapita m'mbali: mpikisano wa chiwerengero cha mabuku waononga macheza a owerenga. Goodreads, webusaiti ya anthu okonda kuwerenga mabuku, inayamba mu 2007, Amazon n'kuigula mu 2013, ndipo chaka chilichonse imalimbikitsa anthu kudziikira nambala ya mabuku oti amalize. Chotsatira chake mumachiona chaka chikamatha, anthu akusaka timabuku tating'ono kuti nambala ikwane. Pa TikTok ndi Instagram napo, chooneka ndi chikuto ndi mulu wa mabuku patebulo. Sindikuti onse ochita zimenezi ndi onama, ayi. Koma gulu limene limangofuna chithunzi likuphunzitsa anthu ake kuonetsa, ndipo ndi lomwelo lakufikitsani poganiza zoti muname.

Zimandikumbutsa Augustine Woyera, wolemba wakale wachikhristu, amene cha kumapeto kwa zaka za m'ma 300 analemba za bishopu Ambrose wa ku Milan, kuti powerenga maso ake ankayenda pa tsamba koma mawu osatuluka. Anaona kuti n'chinthu choyenera kulemba. Kwa nthawi yaitali kuwerenga kunkamveka ndi makutu, ndipo amene ali pafupi ankadziwa pomwe wafika popanda kufunsa. Lero timawerenga chamumtima, choncho mnzako akafunsa kuti ukuwerenga chiyani, akupempha kuti umulowetseko pang'ono. Kumupatsa chikuto chokha n'kumusiya pakhomo.

Ena anapeza njira ina. Silent Book Club inayamba ku San Francisco mu 2012: anthu amakumana, aliyense ndi buku lake, amawerenga mwakachetechete pafupifupi ola limodzi, kenako wofuna kulankhula amalankhula. Palibe buku lolamulidwa, palibe wofunsa kuti wamaliza angati.

Za nkhani zachikondizo

Apa mpamene ndimapsa mtima. Ndani anagamula kuti buku lonena za anthu awiri okondana ndi lotsika kuposa buku lophunzitsa kulemera? Wolemba wa ku France, Daniel Pennac, amene anali mphunzitsi, anatchula mu 1992 maufulu khumi a wowerenga. Mwa iwo muli ufulu wodumpha masamba, wosamaliza buku, wobwereza, ndi wowerenga chilichonse. Ankawona ana akudana ndi mabuku chifukwa chokakamizidwa, ndipo ine ndimaona akuluakulu akudzikakamiza okha poopa maso a anzawo. Munthu wobwera kuntchito atatopa, n'kupeza mphamvu zowerenga masamba atatu asanagone, ndi wowerenga weniweni. Sindilola wina anene mwina.

Tsono Lolemba likubwerali tumizani buku lomwelo, achemwali. Pansi pake lembani pomwe mwafika, chimene wina wachita m'nkhanimo ndi momwe chakukhudzirani, kenako funsani mnzanu mmodzi pomutchula dzina kuti m'buku lake wamukwiyitsa ndani. Akakusekani, gululo lisiyeni ndipo mupeze anthu awiri ofuna kumva.