Tayala lathyoka potera, kodi mwana abwerere kumudzi?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Mwana wawo akuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa, ndipo tsiku lina akutera yekha mu ndege yaing'ono yotchedwa Cessna 172, ndege inanjanja katatu mpaka tayala lakutsogolo linathyoka. Mnyamatayo anatuluka wopanda bala, koma mayiwo tulo sakutiona. Akufunsa kuti, "Kodi ndimuuze angobwerako?"

Mayi, mtima m'malo. Ngozi zambiri za ophunzira zimachitikadi potera, koma kawirikawiri chimavulala ndi chitsulo osati munthu, poti ndege imakhala yafika kale pansi, liwiro litachepa.

Cessna 172 imatsetsereka potera ikuthamanga makilomita pafupifupi 120 pa ola, ndipo oyamba kugunda pansi ayenera kukhala matayala awiri akuluakulu aja. Wophunzira akabwera ndi liwiro lopitirira, ndege imakana kukhala pansi, imangoyandama, msewu wake uli kutha. Apo mantha amamugwira, n'kukankha chiwongolero kuti aikakamize. Tayala lakutsogolo, limene silinapangidwe kuti lisenze ndege yonse, ndilo limagunda, ndege n'kudumpha. Akakankhanso imagunda mwamphamvu kuposa poyamba. Ikamanjanja kachitatu, mwendo wa tayala wapindika, pulopela ikupala tala.

Mankhwala ake amaphunzitsidwa munthu asanaloledwe kuuluka yekha, ndipo amawatcha go-around: ikanjanja moipa, patsa injini moto wonse, kwera, zungulira, udzayesenso. Inu a kunyanja mumawaona asodzi nthawi ya mwera, salimbana ndi funde pofika kugombe, amabweza bwato n'kudikira mpata. Mphepo yowomba cham'mbali nayonso imasokoneza kwambiri ophunzira, n'chifukwa chake sukulu zimaika malire a mphepo imene wophunzira angaulukemo yekha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi manyazi. Achinyamata ambiri amaona ngati kuzunguliranso n'kulephera, makamaka anzawo akamaonerera ali pansi, komanso mphindi iliyonse m'mwamba ndi ndalama za makolo. Ndiye mukamuimbira foni, musayambe ndi za mtengo wa tayala. Mufunseni kuti, "Mwanawe, itanjanja koyamba unalekeranji kukweranso?" Akayankha moona, osanamizira mphepo yokha, musiyeni apitirize maphunziro ake. Kusukuluko funsani ngati amubwezera kwa mphunzitsi wake kuti abwereze kutera ndi go-around asanamulolenso kukwera yekha. Akakuuzani kuti palibe chifukwa chochitira zimenezo, yambani kufunsira sukulu ina.