Kwa mayi amene mwana wawo akufuna kuphunzira zofukula zinthu zakale

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa Fomu 4 sakutaya nthawi ndi maphunziro ofukula zinthu zamakedzana, komanso komwe angakaphunzire. Musamuletse ayi. Chachikulu mumuuze agwiritsitse Biology ndi Chemistry, chifukwa ntchitoyi masiku ano siithera pa khasu ndi sefa.

Taonani za kuphiri la Hora ku Mzimba. Gulu la Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale ku America linafukula kumeneko mafupa a makanda awiri amene anaikidwa zaka zoposa 14,000 zapitazo. Akatswiri anatenga DNA (tinthu ta m'thupi tosonyeza chibale cha anthu) m'timafupa timeneto, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022, kusonyeza kuti anthu akum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa ankayenderana ndi kukwatirana kalekale. Kawirikawiri amaboola kafupa kolimba ka mkati mwa khutu n'kutengapo ufa wosadzaza n'kasupuni komwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchito yoyeza DNA imeneyi inakachitikira kunja. Mafupa ndi akwathu, koma owawerenga ndi ena. Tikusowa ana ngati wanuyu.

Palinso LiDAR, kuwala kumene amawombera pansi kuchokera m'ndege, n'kujambula nthaka ngati kuti mitengo palibe. Karim Sadr wa ku yunivesite ya Wits ku South Africa anaonetsa nayo mzinda wakale wa Atswana wa Kweneng, kum'mwera kwa Johannesburg, womwe mipanda yake ya miyala inabisika m'tchire. Ine ndikamva zimenezi mtima umathamangira ku Mankhamba, likulu lakale la a Kalonga kufupi ndi Mtakataka, kumene Dr Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Nanga zotsala pansi pa minda ya anthu kumeneko n'zingati?

Za sukulu, pafupi pano pali Wits, University of Cape Town, University of Zimbabwe ndi University of Dar es Salaam. Digiri yachiwiri, yunivesite ya York ku England ndi yodziwika pa zoyeza mafupa ndi zotsalira za chakudya m'mapale, pomwe University College London (UCL) ili ndi sukulu yaikulu ya zofukulafukula. Ayesenso Commonwealth Scholarship, thandizo la ndalama zolipirira maphunziro, ikadzafika nthawi.

Koma asadikire ndege. Pa holide mupite naye ku Chongoni ku Dedza akaone zojambula za m'mapanga, kapena kumyuziyamu ya ku Karonga. Akafunsenso ku Dipatimenti ya Museums and Monuments ngati pali gulu lofukula m'chilimwe lomwe lingamulole kusefa nawo dothi.